Mkuwa pansi pa penti

Mu msewu wa magalaja onse amawatchula kuti a Mkuwa, ndipo dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Awongola magalimoto ogundidwa kwa zaka makumi anayi m'galaja imodzimodziyo, ya chitseko chotsekera unyolo, botolo la gasi litaima pakona. Dzinalo analipata ndi dzanja lawo. Lata la galimoto likapyapyala ndi dzimbiri, owotcherera anzawo ankangoliboola. Iwo ankalitenthetsa pang'ono ndi lawi, n'kusungunulira kawaya ka mkuwa pamsoko, mkuwawo n'kuyenderera ngati uchi, lata osapindika. Munthu akawayamikira, ankayang'ana pansi n'kumufunsa ngati wasiya makiyi.

Mwana wawo wamkazi, wachiwiri kubadwa, anakaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja n'kubwerako ndi makina atsopano owotcherera amagetsi. Koma phunziro loyamba analimva kwa bambo ake ali wamng'ono: mkuwa umangomata zitsulo ziwiri, pomwe kuwotcherera kumazisungunula kuti zikhale chimodzi. Choncho mkuwa ngwa khungu la galimoto, koma pa mafupa, pomwe padalira moyo wa munthu, usayandikepo.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera kaminibasi koyera kotengera ana a sukulu ya mkaka. Dalaivala wake, yemwe anakagula katadutsa m'manja ambiri, anadandaula kuti chitseko chikugwedera. Nsanamira ya pakati, pomwe pamamangidwa lamba wa pampando, inali ndi mng'alu.

Mwana wa a Mkuwa uja anapala penti pang'ono n'kuyatsa makina. Chitsulo chinathetheka, kunatuluka utsi woyera, msoko osagwira. Atapala kwambiri, pansi pa penti panaoneka chikasu.

"Bambo, tabwerani mudzaone. Wina anamata nsanamira ndi mkuwa. Munthu ameneyu akanangomulanda moto azikaweta mbuzi."

Dalaivala anaseka, n'kunena kuti poti mkuwawo wagwira zaka zonsezi, angowonjezerapo wina, chifukwa ana aweruka masana.

A Mkuwa anavala mandala n'kuwerama. Msokowo unali wosalala, ndipo kumapeto kwake kunali kambedza kobwerera m'mbuyo. Ndi mmene iwo amamalizira msoko uliwonse, osaganizira n'komwe. Pomwepo anakakumbukira kagalimotoko. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo kanali kobiriwira, ka mkulu wina wogulitsa nyama. Magetsi anali atazima masiku anayi, makina owotcherera osagwira ntchito, mwini wake akubwera m'mawa ndi masana kudzafunsa, ndipo iwo, pokhulupirira dzanja lawo, anayatsa gasi n'kumata ndi mkuwa. Wanyama uja anawatama msewu wonse. Anamwalira kalekale, ndipo panalibenso wina wodziwa.

Kukhala chete kunali kosavuta. Mwana wawo akanadula nsanamirayo, n'kutukwana mmisiri wosadziwika, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tsiku lija sanamate malo amodzi okha. Anasuzumira mkatimo. Pansi pa mpando panali kabotolo ka madzi kachivindikiro chofiira, koiwalika ndi mwana wina.

"Palanso nsanamira ya mbali inayo," anatero, "ndi chitsulo chopingasa pansi pa mpando wachiwiri."

"Mwadziwa bwanji, Bambo?"

"Ndinamata ndine."

Mwanayo anavula chigoba chake chotchinga kumaso powotcherera n'kuchiika pa benchi mosamala, ngati n'chosweka. Dalaivala, pofuna kupeputsa zinthu, anati ndiye umisiri umenewo, mkuwa kugwira mpaka lero. A Mkuwa anamuyankha mosakweza mawu kuti wagwira chifukwa palibe chomwe chinagundapo galimotoyo, ndipo iwo sangalole kuti wouyesa woyamba akhale mwana wa munthu. Anamuuza kuti apeze mnzake wokatenga ana, galimoto situluka. Dalaivalayo anang'ung'udza, koma ataona chikasu chikutulukira mbali inayo, anapita panja kukaimba foni.

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Mkuwa ukalowa m'chitsulo suchoka ndi kupala, ndipo kuwotcherera sikugwira pamwamba pake. Pamafunika kudula chigawo chonse. A Mkuwa anakana kuti mwana wawo adule. Anagwira sowo okha, thukuta likudontha pa mandala. Powotcherera zitsulo zatsopano, iwo ndiwo anakhala wothandizira, kupanira chigamba ndi pulayala nkhope atatembenuzira kukhoma. Masiku awiri oyamba ankangolankhula za miyeso.

Tsiku lachitatu, akusamba m'manja pa ndowa, mwanayo anayamba monyinyirika.

"Za mbuzi zija, Bambo, sindimadziwa kuti..."

"Unanena zoona, mayi. Kungoti mbuzi zake tilibe."

Anaseka pang'ono onse awiri, n'kupatsirana sopo.

Chidutswa chokhala ndi kambedza kaja sanachitaye. Chili pa msomali pamwamba pa benchi, pakati pa masipanala. A Mkuwa amamatabe ndi mkuwa zitseko ndi malata opyapyala, ndipo dzanja silinasinthe. Koma kukabwera galimoto yakale ya m'dera lomwelo, asanamve n'komwe vuto lake, amatenga chopalira n'kukanda pang'ono pa nsanamira. Sabata ija ya mdima inali ndi masiku anayi, ndipo sakumbukira bwino kuti m'galajamo munali magalimoto angati.