Buku la Nungu Limene Ndinasungira Chiswe

Ndinayamba kudandaula polembera kalata aphunzitsi aakulu Lolemba loyamba la teremu yatha. Kalata yachiwiri ndinalemba patapita milungu itatu, yachitatu ndinakapereka ndekha pamanja. Makope ake onse ndili nawo. Nkhani yake ndi ya mabuku a zithunzi amene anabwera pasukulu ya mdzukulu wanga kuno ku Kandeu. Ali m'kabati ya aphunzitsi aakulu, yokhoma ndi loko, ati ana angawadetse. Ena akuti ndakalamba, ndikungofuna mkangano. Choncho ndifotokoze kumene ndikuchokera.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tikukhala ku Tsangano, pamene ndinakhala nambala wani m'kalasi. Aphunzitsi athu, Mayi Ngozo, anandipatsa buku la zithunzi za nyama. Linkanunkhira bwino, mapepala ake oterera. Ndinatsegula masamba awiri okha pobwerera kunyumba. Loyamba linali ndi nungu itaimika minga yake, lachiwiri kadzidzi ali pamphanda ya mtengo. Ndinalitseka msanga kuopa fumbi.

Inali nyengo yokumba mbatata ya kachewere, ndipo aliyense kwathu manja anali ofiira ndi dothi. Mlongo wanga Esinati, wa zaka zisanu, ananditsatira mpaka pakhonde.

“Achimwene, ndionetseniko nungu. Ndasamba m'manja, onani.”

“Zala zako zikadali zonyowa. Mawa.”

Mawa lake ndinanena kuti m'zikhadabo muli dothi. Tsiku lina ndinati ali ndi chimfine. Kenako ndinakulunga bukulo m'kansalu, ndikuliika pansi penipeni pa bokosi la matabwa mmene amayi ankasungamo zovala za kutchalitchi. Ineyo sindinalitsegulenso. Ndinkangosangalala kuti ndili nalo.

Mvula itayamba, amayi anasuntha bokosi lija kuti asese. Pansi pake panali patabooka. Chiswe chinali chitalowa, ndikumanga dothi lake pakati pa masamba. Chikuto chokha ndicho chinatsala, ndi mapazi a kadzidzi.

Amalume anga a Jere anali atabwera kudzabwereka khasu. Anayang'ana, ndikuseka pang'ono.

“Mphwanga, chiswe chawerenga buku lonse. Nanga iwe wawerenga masamba angati?”

“Awiri.”

“Mlongo wakoyu?”

Esinati anatola chikuto chija, ndikuchitembenuza uku ndi uku kufunafuna. Sanalire, sananditukwane. Anangofunsa kuti nungu imakhala ndi miyendo ingati.

Sanandimenye munthu tsiku limenelo, koma ndinaphunzira. Buku la mwana limayenera kutha ndi zala za ana. Likang'ambika timamata ndi phala la chinangwa, mwanayo atadziwa kale zimene zili mkatimo.

Mdzukulu wanga ali Sitandade 2. Chaka chikatha, mabukuwo adzakhala atamuchepera, asanaone ndi tsamba limodzi lomwe. Ndikupempha mwaulemu komiti ya sukulu ndi aphunzitsi aakulu kuti andiyankhe polemba kalata, teremu ino isanathe, kunena tsiku limene kabatiyo idzatsegulidwe.