Wofatsa ndi Wamkwiyo

Kuseri kwa chitseko cha shedi ya abambo anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Mua, kuli mndandanda wolembedwa ndi pensulo ya ukalipentala. Pamwamba analemba kuti "1. Wofatsa", pansi penipeni "5. Wamkwiyo". Mlendo akawerenga amayesa ndi maina a ng'ombe zokoka ngolo. Si ng'ombe ayi. Ndi azungu amene anapeka nyimbo kalekale, ndipo ine ndi abambo tinkakangana za iwo kuyambira ndili kamtsikana mpaka tsiku limene tinasiya kukangana. Zaka zisanu ndi zinayi zotsatira abambo ankandiyankhula kuti "inu", ndipo panalibe chimene ndinkachilakalaka kuposa kuwamva akunenanso kuti "iwe".

Nyimbozo zinabwera m'katoni. Wansembe wina wokalamba wochokera kunja, amene abambo ankamukonzera mabenchi ndi mafelemu a mawindo, anawasiyira makaseti pobwerera kwawo. Ife tinalibe wailesi ya kaseti, choncho katoniyo inakhala kudenga dzinja lathunthu. Denga linadontha, mphemvu nazo zinachita phwando pa timapepala ta maina. Pamene abambo anagulitsa kabati n'kukagula wailesi ku Golomoti, makaseti amene anapulumuka anali asanu okha, onse opanda dzina.

Tsiku loyamba kumvera, amayi anakhala pamkeka kudikira kuti woimba ayambe. Patapita nthawi anafunsa ngati anthuwo akadali kukonza zida zawo. Abambo atawauza kuti nyimbo yake ndi imeneyi, amayi anati nyimbo yopanda mawu, yosavinikanso, ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo ananyamuka kukapeta mpunga. Tinatsala awiri, ine ndi abambo, ndipo zinakhala choncho Lamulungu lililonse tikabwera ku Misa.

Popeza eni nyimbozo analibe maina, abambo anawapatsa malinga ndi khalidwe lawo. Wa kaseti yoyera ankaimba piyano yokha, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wasenza ndowa yodzaza ndipo sakufuna kutaya dontho. Ameneyo anakhala Wofatsa. Wina ankayamba ndi kanyimbo kamodzi, kena n'kulowa pansi pake, kena n'kulowanso, zonse n'kugwirana popanda msomali. Abambo anamutcha Mmisiri ndipo ankamulemekeza kwambiri, ngakhale ankadandaula kuti munthuyo sadziwa kupuma. Panali Wazibwana, wongothamangathamanga ndi kuseka, amene tonse tinagwirizana kuti sanagwirepo khasu. Panalinso Wamaliro, wa kaligo wachizungu wolira mosalekeza, ndipo amayi anamuletsa kumveka pakhomo pathu nthawi iliyonse imene m'mudzi munali wodwala.

Ndiye panali kaseti yakuda. Imeneyo inali ya gulu lonse, malipenga, ng'oma, akaligo ambirimbiri, zonse kugwa pamodzi ngati matalala pa malata. Pena inkatsika mpaka kunong'ona, iwe n'kusendeza khutu, kenaka n'kukuphulikira. Nditangoimva koyamba ndinamva tsitsi likuima, ndipo ndinaikonda ndi mtima wanga wonse. Abambo anagwira chibwano n'kunena kuti munthu ameneyu wayambana ndi mkazi wake. Anamulemba pa nambala 5.

Manambala apakatiwo ankasinthasintha. Mwezi wina Mmisiri ankatsika chifukwa chotopetsa, Wamaliro n'kukwera, abambo n'kufufuta ndi chala chonyowetsa malovu. Koma woyamba ndi wotsiriza sanasunthepo. Ine ndinali ndi mndandanda wanga kumapeto kwa kope la masamu, ndipo unali chimodzimodzi ndi wawo, kungoti unaima chadodolido. Tinkakangana ndikubweza kaseti ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire, utuchi uli m'mapazi, kutentha kwa mu Okutobala kukutiwotcha ngakhale pamthunzi. Abambo ankati munthu wodziwa ntchito yake safuula. Ine ndinkati Wofatsa wawoyo si wofatsa koma ali ndi tulo. Iwo ankaseka, n'kunena kuti ine ndi Wamkwiyo tinabadwa mimba imodzi, ndipo sankanama, chifukwa mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Kaseti ikafika kumapeto n'kulira kuti tha, ankangoti, "Iwe, tembenuza kasetiyo," osadzutsa n'komwe mutu pa thabwa limene ankapala.

M'shedi momwemo ndinaphunzira kanthu kena ka ntchito yawo. Abambo akadula matabwa awiri oti adzalumikizane, ankalemba kamtanda kakang'ono pa lililonse, kuti ngakhale atasakanikirana ndi ena pa mulu, adzadziwike kuti awa ndi amodzi. Ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku osaziganizira.

Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi, ananditumiza ku sukulu ina ya ku Mtakataka. Kumeneko ndinakondana ndi msodzi, munthu wa chipembedzo china, wopanda munda koma wa mtima wabwino, amene ndili naye mpaka lero. Amalume anavomera, amayi anavomera monyinyirika. Abambo anandiitanira m'shedi n'kundiuza motsitsa mawu, monga mwa chikhalidwe chawo, kuti munthu wa kunyanja sakhala malo amodzi ndipo ndiganize kawiri. Akanandikalipira mwina ndikanapirira. Kufatsako ndi kumene kunandipsetsa mtima. Ndinawauza kuti nkhani ya ukwati wanga ndi ya amalume, si yawo. Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma pakamwa panga palibe mabuleki.

"Kufatsa kwanuko ndi mantha basi," ndinatero. "Mwakhala pamudzi wa eni zaka zonsezi osatsegula pakamwa, lero mwapezera pa ine?"

Kunena zimenezi kwa mkamwini, munthu amene anasiya kwawo n'kudzakalambira kwa mkazi wake, ndi kumuvula pagulu. Ndinadziwa mawuwo asanathe n'komwe kutuluka, koma madzi akatayika saoleka. Abambo anatola puleni yawo n'kupitiriza kupala. M'mawa mwake tinakumana pakhonde, ndipo anandipatsa moni mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji, mayi?"

Wina anganene kuti mwana wamkazi akakula amapatsidwa ulemu, ndipo ndi zoona, m'makomo ambiri zimatero. Koma kwathu "iwe" uja ndiye anali chikondi, ndipo "inu" anali chitseko chotseka. Ku ukwati anabwera. Mwana wanga woyamba atabadwa anamukhomera kampando n'kutumiza kudzera kwa amayi. Ndikapita kukacheza ankandifunsa za ntchito, za mvula, za thanzi la amuna anga, zonse mwa "inu", ngati akucheza ndi mlendo wa pa minibasi. Ine nanenso ndinauma khosi. M'malo mopepesa ndinkangotumiza chambo chowamba ndi usipa, ngati kuti nsomba ingayankhule m'malo mwanga. Kuchoka ku Mtakataka kufika kwathu ndi pafupi, wa njinga sachita n'thukuta lambiri, koma zaka zimenezo kunali kutali. M'shedi sindinalowenso.

Chaka chatha amayi anandiimbira foni kuti abambo anagwa akupala thabwa, anagona masiku angapo kuchipatala cha mishoni chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo atuluka koma dzanja lamanja lafooka. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona kuti munthuyu angathe kumwalira ine ndikadali "inu".

Sabata yomweyo mphunzitsi mnzanga anandionetsa kanthu pa foni. Ukaiyandikiza pamene pakuimba nyimbo, imamvetsera pang'ono n'kukuuza mwini wake. Iye ankathetsera mkangano wa nyimbo za pa wailesi, koma ine maganizo anga anathamangira ku makaseti asanu aja. Ndinapeza chonamizira cholowera m'shedi.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, ndinatsikira pa mphambano ya ku Mua, kotsalako ndinakwera kabaza. Abambo ndinawapeza atakhala pa benchi m'shedi, dzanja lili pamwendo, akuyang'ana zida zawo. Anali ataonda. Titapatsana moni wathu wa alendo uja, ndinawauza kuti foni yanga ingathe kutiuza maina enieni a anthu a kuseri kwa chitseko. Analoza pa shelefu ndi chibwano. Wailesi ija inali ikadalipo, lamba wake wa m'kati atamusintha ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo tsopano inkayendera batire ya sola.

Tinayamba ndi Mmisiri. Kasetiyo inali itatanuka ndi kutentha kwa zaka zonsezi, moti foni inalephera kawiri, koma kachitatu inatulutsa dzina ndi chithunzi. Abambo anayesa kulitchula, lilime linakana, ndipo anati Mmisiri likumukhala bwino. Wazibwana naye anapezeka, Wamaliro chimodzimodzi. Kenaka ndinaika kaseti yoyera. Piyano ija inayamba kuyenda ndi ndowa yake, ndipo foni inaonetsa munthu wokwinya pachipumi, wooneka ngati amubera mbuzi. Abambo anadabwa kuti munthu wofatsa chotere angakhale ndi nkhope yotere.

Yotsiriza inali yakuda. Nditaitenga ndinaona kuti yakalamba kuposa zinzake zonse, pulasitiki yake itachita kuperepeseka m'mbali. Ndinaiika, matalala aja anagwa pa malata, ndipo mtima wanga unagunda monga kale. Ndinayang'ana pa foni. Dzina lomwe lija, nkhope yomwe ija yokwinya.

"Foni yanuyo yasokonezeka, mayi," anatero abambo.

Nanenso ndinaganiza choncho. Ndinaizimitsa, ndinaiyatsanso, ndinabwereza yoyera, ndinabwereza yakuda. Tinayesa katatu, ndipo katatu konse yankho linali limodzi. Wofatsa ndi Wamkwiyo anali munthu mmodzi. Zaka zonse zija tinkakanganira munthu mmodzi, abambo atamugwira mutu, ine nditamugwira miyendo. Dzina lake lenileni sindilemba pano, chifukwa kwathu ali kale ndi maina awiri ndipo akumukwanira.

Amayi, amene anali ataima pakhomo ndi lichero, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati iwo anadziwa kale kuti zonsezi ndi phokoso limodzi. Kenaka anandiululira chimene abambo sakanandiuza ngakhale atawaopseza ndi sowo: kuyambira pamene ndinachoka, Lamulungu lililonse masana kaseti imene inkalira m'shedimo inali yakuda, mpaka nkhuku zinazolowera. Abambo anawauza kuti mpunga ukudyedwa ndi mbuzi kunjako, ndipo amayi anachoka akusekabe.

Tinatsala awiri, nyimbo ikupitirira. Inafika pamalo paja pamene imatsika n'kumanong'ona, ndipo ndinaona kuti ndikapanda kuyankhula pamenepa sindidzayankhulanso.

"Bambo, mawu aja ndinalakwa. Si mantha ayi. Ndinadziwa tsiku lomwelo, koma ndinachita manyazi. Pepani."

Abambo anadzuka movutikira atagwira m'mphepete mwa benchi, anatenga pensulo imene inali pawindo, n'kupita kuseri kwa chitseko. Ndinkaganiza kuti akufuna kufufuta mndandandawo, kapena kumukweza Wamkwiyo pamwamba, ndipo ndinatsala pang'ono kuwaletsa. Koma sanafufute kanthu. Ndi dzanja lamanzere, limene silinazolowere kulemba, anajambula kamtanda kokhotakhota pambali pa nambala 1. Anawerama pang'onopang'ono n'kujambula kena pambali pa nambala 5.

"Ndiye kuti munthuyu masiku ena ankangodzukira kumanzere," anatero akubwerera pa benchi. Anawonjezera kuti komabe tsiku limene anapeka yoyera ndiye anali ndi nzeru zake zonse. Ine, misozi ili m'maso, ndinawauza kuti tsiku limenelo ayenera kuti ankadwala malungo. Anapukusa mutu n'kunena kuti sukulu yonse ija sinandithandize. Tinakangana ndithu, bwinobwino, mpaka wailesi inalira kuti tha.

Abambo anatsamira khoma n'kutseka maso.

"Iwe, tembenuza kasetiyo."

Poitulutsa ndinaigwetsa kaye mu utuchi. Ndinaitola, ndinaiuzira, ndipo ndinaitembenuza.