Agogo Analawa Mchenga

Kukagwa mvula yoyamba pa khoma lotentha, fungo la simenti yonyowa limandibwezera kwa Ndamera, pakhonde la agogo anga a Fayinesi, pomwe utsi wa pamoto wawo wophikira mchere unkatiwawa m'maso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ntchito yawo inali imeneyo: kupala dothi loyera la kudambo, kulisefa ndi madzi, n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsala pansi pa chitini. Lilime lawo linkaudziwa mchere kuposa sikelo, ndipo linali lakuthwa pa zina zonse.

Nyumba yomwe tinkagonamo anaimanga agogo aamuna ndi njerwa zowotcha, koma anamwalira asanaipake pulasitala. Chaka ndi chaka njerwa za m'munsi zinkatuluka ufa woyera n'kumanyenyeka ukazikhudza. Kumbali ya kuchipinda kwa agogo, nkhuku zinali zitayamba kale kujompha dzenje. Aliyense ankaona kuti dzinja lina limodzi kapena awiri, khomalo likhala pansi.

Bambo anga a Zuze, mwana wawo yekhayo wamwamuna, ankagwira ntchito yodula nzimbe ku Nchalo. Mwezi wina wa chilimwe anatumiza matumba khumi a simenti pamodzi ndi mnzawo wina, a Lameki, mmisiri wa ovolosi yabuluu, levulo yoyezera khoma m'manja, pensulo kukhutu. Munthuyo sanachedwe. Tsiku lomwelo ngolo inatula mchenga pabwalo, wotapidwa kudambo lomwe lija, chifukwa ndiko kunali pafupi.

Agogo anachoka pamoto, n'kutapa mchengawo ndi zala ziwiri, n'kuuika palilime. Analavula.

"Uwu ndi wothira m'ndiwo, bambo. Mwautenga kuti?"

A Lameki anaseka mpaka pensulo inagwa. "Mayi, simenti siimva kukoma. Ine ndapaka nyumba za mabwana ku Nchalo."

"Ndionetseni khoma limodzi lomwe munapaka, loti laona madzinja atatu. Ndikaligogode."

"Kodi ndikufunsira ukwati?"

"Nkhabe," anatero agogo, kukana kwawo kwa Chisena komwe kunalibe apilo. Anapita pamulu wa matumba aja n'kukhalapo, miyendo atatambasula, ndipo sanasunthe mpaka a Lameki atakwera njinga yawo.

Loweruka bambo anabwera atatupa ndi mkwiyo. Sanakhale n'komwe pampando.

"Amayi, mwandivula pamaso pa anzanga. Munthu ndamutuma ine, inu mukumulawira mchenga ngati mwana?"

"Iwe Zuze, m'nyumbamu umagonamo ndiwe?"

"Simentiyo ndagula ndine!"

"Njerwazo anaumba abambo ako, madzi ndikutunga ine, iwe uli kumsana. Simenti yako ukafuna senza. Koma kuti ndiimate ndi mchere pa khoma lomwe likudyedwa kale ndi mchere, nkhabe."

Bambo anati ngati ndi choncho sadzapondanso pakhomopo. Simenti anaisiya, mwina chifukwa panjinga sikanakwana. Ine ndinalira, ndipo ndinawada agogo tsiku limenelo, chifukwa mayi anga anali atamwalira kale ndipo bambo ndiwo okha ndinali nawo. Agogo anangondiuza kuti ndikaminire kuseri.

Kuyambira Lolemba anayamba ulendo womwe anthu a m'mudzimo anauseka mwezi wathunthu. Ankayenda khomo ndi khomo, paliponse pomwe panali nyumba ya pulasitala, n'kumagogoda makoma ndi mfundo za zala, khutu ataligunditsa. Khoma likamveka phwaphwa ngati chikho chosweka, ankapukusa mutu n'kupitirira. Eni nyumba ena ankawathamangitsa. Amayi a pamjigo ankati gogo uja mutu wayamba kuzungulira ndi utsi. Pamapeto pake anaima pa chigayo china chakale, pomwe khoma linkanjenjemera tsiku lonse ndi injini koma linalibe mng'alu, ndipo atagogoda chala chinawawa. Anafunsa amene anapaka.

Anali a Bizeki, bambo wotsimphina wobadwira kutsidya ku Mozambiki, yemwe ankamata matayala a njinga pansi pa mtengo chifukwa anthu sankamupatsa ntchito zomanga. Ankati ndi wochedwa ndiponso wovuta. Atafika kwathu sanapereke moni wautali. Anazungulira nyumba, n'kukanda njerwa ndi chikhadabo, kenako n'kutapa mchenga wa a Lameki uja n'kuuika pakamwa. Agogo anaomba m'manja kamodzi.

"Ameneyu ndiye mmisiri."

Kuvuta kwa a Bizeki tinakuonadi. Anakana mchenga wonse wapafupi, nati ukatapidwe kumtsinje komwe madzi amayenda. Anapala njerwa zovunda zonse mpaka kufika polimba. Dzuwa likakwera ankasiya ntchito, ati kutentha kwa kuno kumapsereza pulasitala asanagwire. Atamaliza analamula kuti khoma lizithiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Agogo anasiya kuphika mchere n'kumasenza ndowa, anthu odutsa akufunsa kuti, "Kodi khomalo libereka liti, gogo?"

"Mudzabwere kudzakolola," ankayankha osatembenuka.

Bambo anasunga mawu awo. Khirisimasi inadutsa, ina inadutsanso. Ankanditumizira yunifolomu kudzera mwa anthu, koma iwo osaoneka. Agogo sanawatchulepo, ngakhale kuti njinga iliyonse ikalira belu kumsewu ankadzutsa mutu. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sakanangowalola a Lameki aja kupaka khomalo kuti bambo azibwera. Anati mwana wokwiya amabwerera, koma khoma likagwa silidzuka lokha. Sindinakhutire nazo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati zaka ziwirizo zinali zoyenera kutayika.

Chaka chachitatu madzi anasefukira, tonse tinathawira kumtunda kusukulu. Titabwerera tinapeza nyumba zambiri zitagwada m'matope. Yathu inali chiimire, mzere wa matope utalekeza m'munsi mwa windo. Tikuchotsa matope m'nyumba, tinamva kugogoda panja, osati pachitseko koma pakhoma. Anali bambo, thalauza atapinda mpaka m'maondo, akugogoda apa ndi apo, khutu atagunditsa.

"Gogoda pang'onopang'ono, ungathyoke chala," anatero agogo. "Wadya?"

Agogo anatisiya kalekale. Chaka chatha ndinamaliza kumanga kanyumba kanga ku Nsanje paboma, ndipo lole itatula mchenga wa pulasitala, ndinawerama ndi suti yanga ya kuntchito n'kuulawa. Amisiri anaseka mpaka kugwirana mapewa. Bambo, omwe tsopano ndi nkhalamba yoyendera ndodo, ananyamuka pampando pang'onopang'ono, n'kutapa nawonso, n'kulavula. Anamuyang'ana woyendetsa loleyo.

"Nkhabe. Pakirani mubwerere nawo."