Ndinati Ndikupita ku Chipululu

Mwana wanga atasamukira ku London kukayamba ntchito, anandisiyira zinthu ziwiri m'chipinda chake ku Dennistoun, kuno ku Glasgow: tenti yobiriwira ndi chikwama chachikulu chobereka kumsana. Anati adzabwera kudzatenga. Sanabwere, ndipo ine sindinamukumbutse, chifukwa mwana ameneyu uthenga wanga amayankha patapita sabata, nthawi zambiri ndi kachithunzi ka chala chachikulu basi. Ndinkalowa m'chipindamo kukatsegula zenera kuti musamanunkhe chinyezi, ndipo chikwamacho ndinkachipeza pakona pomwepo ngati mlendo amene sanapatsidwe mpando.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tsiku lonse pakamwa sipapuma: kwezani mkono, mezani pang'onopang'ono, tiyeni tikasambe. Pofika kunyumba nsagwada zimakhala zitatopa, koma ndisanacheze ndi munthu. Aneba anga pa masitepe timangogwedezerana mitu. Ndinali wosungulumwa, koma mawu amenewa sindinkawatchula ngakhale ndili ndekha.

Chaka chimenecho abwana anandiuza kuti masiku anga a tchuthi apsa ndikapanda kuwatenga. Munthu wanzeru akanapita kumudzi. Koma kumudzi amayi anatisiya kale, ndipo ndikafikako amandiyalira mphasa pandekha n'kumandiyang'ana ngati nduna. Ine mtima unali kwina. Nkhalamba ina imene ndinkaisamalira inali ndi chithunzi pakhoma, cha mapiri a mchenga wofiira ku Namibia, kumene inagwirako ntchito ili mnyamata. Chithunzicho ndinkachipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Mvula ya ku Glasgow inali itandifika m'khosi, ndipo ndinkafuna malo ouma, kumene thambo silikhala pamutu ngati chivundikiro cha poto. Ndinagula tikiti, ndinayeserera kukhoma tenti pabalaza, n'kubwereka galimoto ya ku Windhoek kudzera pa foni.

Onse olemba za maulendo otere amanena chinthu chimodzi: uuze munthu kumene ukupita ndi tsiku limene ayembekezere kukumva, kuti ukapanda kumveka akufunefune. Apa sindinafunike kuphunzitsidwa. Kwathu munthu sachoka osatsanzika. Vuto linali loti nditsanzike ndani.

Ndinasankha amayi ena a kumpingo kwathu ku Shawlands, namwino wamkulu pachipatala, munthu wosaiwala kanthu ndiponso wosathamanga pakamwa. Ndinawapeza kukhitchini mapemphero atatha, tikutsuka makapu a tiyi. Dzina la dziko sindinafune kulitchula pamenepo. Ukangonena kuti ukupita ku Africa, ngakhale kukhale ku Cairo, pofika madzulo pakhomo pako padzaza majumbo a nsapato ndi mafoni oti ukapereke ku Kasungu. Ndinatsitsa mawu.

"Amayi, ndimafuna ndikutsanzikeni. Sabata ino ndikupita ku chipululu."

Anasiya kapu m'madzi, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nokha?"

"Ndekha. Ndatenga holide kuntchito. Foni sizigwira kumeneko, ndiye musadabwe ndikakhala zii."

"Inde, foni imafunika kuzimitsa," anatero. "Madzi okha muzimwa, musadzipweteke."

"Ndizimwa mosamala. Kugona ndi pansi. Koma Lamlungu lachiwiri likafika musanandimve, mudziwe kuti zandivuta. Muchitepo kanthu."

Anandigwira dzanja ndi manja awo a sopo. "Musanene zambiri, mayi. Ndamva. Tichitapo kanthu."

Ndinakwera sitima yobwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndinkadziuza kuti amayi awa ndi ozindikira, sanandifunse n'komwe kuti mzimayi wamkulu ngati ine ndikukasaka chiyani kumchenga.

Ku Windhoek ndinagona m'nyumba ya anthu oyenda ndi zikwama, pa bedi losanjikiza, pakati pa ana amsinkhu wa mwana wanga onunkha masokosi. Ndisananyamuke ndinawajambulira amayi aja uthenga wa mawu pa foni. Ndinatchula dziko, dzina la nyumbayo, mtundu wa galimoto ndi misewu imene ndidutse. Uthengawo unapita, ndinaona ndi maso anga. Atsikana awiri a ku Germany anapempha kuti akwere nawo mpaka kunyanja yamchere, ndipo ndinawatenga.

Masiku oyambawo anali abwino. Msewu wa miyala unkangowongoka mpaka kumene maso amalekeza, fumbi likutitsatira kumbuyo. Tinkakhoma matenti pansi pa mitengo yaminga, n'kuphika pasita pa kachitofu ka gasi. Atsikanawo ankanditchula kuti mama, ndipo ine ndinkawadzudzula akamatsuka mbale ndi madzi akumwa. Titafika kunyanja anandikumbatira ngati tinabadwa bere limodzi, anakwera basi, ndipo palibe amene anacheuka.

Kuchokera pamenepo ndinayenda ndekha, kulowera kumpoto kenako kumtunda. Ndinali ndisanaonepo dziko lopanda munthu. Kwathu ngakhale uime patchire pakati penipeni, posakhalitsa patulukira wanjinga kapena mayi wosenza nkhuni, ndipo akupatsa moni. Kuno ndinkazimitsa injini n'kumva magazi akuyenda m'makutu mwanga. Poyamba zinkandikomera. Kusungulumwa kwa kumeneko kunali ndi chifukwa chooneka, osati kwa ku Glasgow kumene umasowa wocheza naye uli m'basi yodzaza.

Linali Lachisanu masana pamene ndinapatukira m'kamsewu kopita kumalo ena ogona amene ndinawaona pa mapu. Kamsewuko kanatsikira mumtsinje wouma. Ndinaona mikwasa ya matayala kutsidya, ndinati nanenso ndiwoloka. Pakati penipeni galimoto inazengereza, ine ndinaponda moto, ndipo matayala anakumba mpaka galimoto inakhala pamimba.

Ndinaitukwana galimotoyo, ndinatukwana mapu, ndinatukwananso nkhalamba ija ndi chithunzi chake. Kenako ndinagwada n'kuyamba kukumba ndi mbale. Ndinaika timakapeti ta m'galimoto kunsi kwa matayala, ndinatolera miyala ndi nthambi, koma ndikangoliza injini zonse zinkamezedwa. Mchenga unkatentha mawondo ngati chiwaya. Foni inalibe ngakhale kandodo kamodzi ka netiweki.

Lamulo lina la olemba za maulendo aja limati usachoke pagalimoto, ndiye sindinachoke. Ndinakhoma tenti m'mphepete, pamthunzi wa mwala. Madzi ndinali nawo m'zigubu ziwiri, china chili pakati. Ndinasiya kuphika, ndinasiya kusamba, ndinkamwa ndi chivindikiro cha botolo ngati mankhwala. Mantha analipo, koma sanandigonjetse, chifukwa ndinkadziwa kuti ndinatsanzika. Ndinkangofunika kufika Lamlungu. Amayi aja akaona kuti ndili chete, aimbira nyumba ija ya ku Windhoek, ndipo kumeneko atumiza anthu. Namwino wamkulu sangaiwale nthawi ya mankhwala, ndiye angaiwale bwanji munthu?

Loweruka madzulo panabwera nyama ina yaikulu, ya nyanga zazitali zowongoka ndi nkhope yamawangamawanga. Inaima kutsidya n'kumandiyang'ana. Ndinati, "Mwaswera bwanji?" Ndinaipatsa ulemu wonse, poti ndiyo inali mwini malo. Inapukusa mchira n'kumapita, ndipo ndinamva chisoni ngati amene wandisiyayo ndi mnzanga.

Lamlungu ndinapemphera nawo a kumpingo kwathu ndili pansi pa mwala. Ndinkaona zonse m'mutu: tsopano akuimba, tsopano ana akutuluka, tsopano abusa apitirira nthawi monga mwa masiku onse, tsopano amayi ali kukhitchini, apukuta manja, atulutsa foni. Ndinapesa tsitsi ndi kuvala malaya oyera, kuti obwerawo asandipeze ngati wamisala. Dzuwa linalowa. Ndinadziuza kuti zinthu zotere zimatenga nthawi, maofesi satsegula Lamlungu. Lolemba ndinakhala pamwamba pa mwala kuyambira m'mamawa, maso kumene ndinachokera. Kamvuluvulu aliyense ndinkamuyesa fumbi la galimoto. Chigubu choyamba chinali chitatha, milomo itang'ambika, ndipo ndikaimirira dziko linkapendekeka. Tsiku limenelo ndinalira, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikutaya madzi. Sindinkalirira imfa kwenikweni. Chinkandiwawa n'choti mwina palibe amene anazindikira kuti ndasowa.

M'mawa mwake ndinamva injini. Inali galimoto yakale ya pafamu, muli bambo awiri ndi galu, akupita kukakonza mjigo wa ziweto. Anandipatsa madzi, anaphwetsa matayala anga pang'ono, anamanga chingwe, ndipo galimoto inatuluka mosavuta moti ndinachita manyazi. Ndinawafunsa m'Chingerezi kuti wawatuma ndani. Anayang'anana. Wamkuluyo anati palibe, njira imeneyo amadutsamo mjigo ukawonongeka basi.

Nditafika patauni yoyamba foni inalira kawiri. Uthenga wina unali wa kuntchito, kufunsa ngati ndingalowe shifiti ya Loweruka. Wina unali wotsatsa malonda. Ndinatsegula pa dzina la amayi aja. Uthenga wanga wa mawu unali pomwepo, unafika bwinobwino, koma sunamvetseredwe.

Sindinawaimbire. Ndine munthu woti ndikapsa mtima ndimafuna mwini wakeyo akhale patsogolo panga. Mkwiyowo ndinaunyamula m'ndege, ndinatsika nawo ku Glasgow kukugwa kamvula kaja kosatha, ndinakwera nawo masitepe, ndinagona nawo. Lamlungu ndinasankha chithunzi cha galimoto itatitimira mumchenga, n'kuchisiya chotsegula pa foni. Kumpingo ndinakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo ulaliki sindinaumve.

Ndinawapeza okha kukhitchini, mpopi uli wotsegula, madzi akungothamangira m'sinki pamene iwo akusanja makapu. Atandiona nkhope yawo inawala.

"Mayi, mwabwera! Taonani mmene mwathera. Milomo imeneyo. Ndinati madzi muzimwa."

"Uthenga wanga simunamvere," ndinatero. Moni sindinapereke.

"Voisi ija? Ndinaiona. Ndinati apa mnzanga wafooka, wayatsa foni. Ndikaitsegula ndiyankha, ndikayankha tiyamba kucheza, ndiye ndakugwetsani. Zinandivuta, koma ndinaisiya."

Sindinamvetse. "Nanga Lamlungu lija? Munati muchitapo kanthu."

"Tinachita. Nditaona kuti muli zii, ndinaitana amayi anzanga atatu. Dzina sindinatchule, ndinangoti pali mnzathu ali m'chipululu ndipo zamuvuta. Tinasala kudya mpaka Lachiwiri. Ine ndinalowa naiti shifiti ndi madzi okha."

Apa m'pamene zinandilowa. Kumpingo kwathu munthu akati ali m'chipululu sanena za mchenga. Amanena nyengo ija imene moyo wauma, Mulungu ali chete, ndipo munthu amadzitsekera m'nyumba, kuzimitsa foni, kugona pansi ndi kusala kudya. Mawu amenewa ndawamva paguwa kosawerengeka, ndawaimbanso m'nyimbo. Amayiwa ankaganiza kuti masiku onsewo ndinali ku Dennistoun, kuseri kwa chitseko changa. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kukuwa. Dzanja linali kale m'thumba, litagwira foni.

"Musachite manyazi," anapitiriza, akupukuta kapu. "Ife tinaona kale. Chichokereni mwana wanu, mumakhala kumbuyo. Ena akamamwa tiyi, inu mumathawira kuno kudzatsuka, kuti pasapezeke wokufunsani kuti muli bwanji. Chaka chatha chonse munali m'menemo. Kungoti munthu sungamuuze, umadikira anene yekha. Tsiku lija mutanena, ndinapita kunyumba ndikuthokoza."

Ndinaima pamenepo, foni ili m'manja, m'thumba. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege muja, akuthwa bwino, koma onse ankanena za galimoto ndi zigubu, ndipo amayiwa sankanena zimenezo. Sanalakwitse kumva. Anangomva chimene ine sindinadziwe kuti ndanena.

"Ndiye mwatulukamo?" anafunsa.

Ndinatulutsa m'thumba dzanja lopanda kanthu.

"Ayi, amayi. Sindinatulukemo."

Anatseka mpopi, anakankha chitseko cha khitchini ndi phazi, n'kukoka mipando iwiri.