Chipini cha Apongozi

Ndinakhala pa chikamwini ku Ndunde zaka zambiri osaidziwa bwino nkhope ya apongozi anga aakazi. Ndinkadziwa zidendene zawo, mpango wawo ndi kakhosomoledwe kawo. Mwambo ndi umenewo: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, mukakumana panjira wina amapatukira m'chimanga. Kwa iwo mwambowu unkakoma kawiri, poti anali Msilamu wosaphonya swala, ine Mkatolika wa ku Nguludi amene ndinawabera mwana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza nkhuku. "Inu nkhuku, denga la khitchini likudontha, kaya pakhomo pano mwamuna alipo." Ine ndinkamva, n'kukwera padenga.

Tsiku lina akusankha nyemba, dzanja lawo lamanja linangoti lobodo, mawu n'kumatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Mawu anabwerera tsiku lomwelo, dzanja linatsala lofooka. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, yochenjeza, ndipo yachiwiri ikabwera sidzabwera kudzacheza. Anatitumiza ku Blantyre kukajambulitsa mutu pa makina a MRI, kuti aone ngati mtsempha wina wa magazi wa mu ubongo wapanikizika.

Ana awo aamuna ali ku Joni. Anatumiza pafoni mauthenga ataliatali, odzaza chikondi ndi malangizo, wina mpaka kulira. Mkazi wanga anali m'chikuta ndi khanda. Ndiye woperekeza anapezeka ine, mwana wokondedwa uja. M'minibasi iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, ulemu wathu uli bwinobwino.

Titafika, namwino anafotokoza kuti makinawo ndi chimaginito chachikulu, sacheka munthu, koma chitsulo safuna kuchiona. Apongozi anavula ndolo, anamasula pini wa pampango. Namwino analoza mphuno yawo.

"Chimenechonso, amayi."

Chinali chipini, kachitsulo kozungulira kamene amayi achiyao akale amavala pamphuno. Anachiika ali mtsikana, ndipo chiikireni sanachichotsepo.

"Mwati mukufuna kuona m'mutu," anatero apongozi. "Nanga mphuno yakulakwirani chiyani?"

Namwino anati kachitsuloko kangaononge chithunzi, kangathenso kutentha kapena kukokedwa. Apongozi anayesa ndi dzanja lofooka lija, osatheka. Namwino anayesa, chipini chili nga, mnofu unachigwira kalekale. Kenako anaitanidwa kwina, ndipo potuluka anandipatsa kabotolo ka mafuta.

"Bambo, athandizeni amayi anu. Mukachedwa alowa wina, inu mudzachita kubweranso."

Amayi anga! Tinatsala awiri m'kachipinda, aliyense akuyang'ana ngodya yake mwaulemu waukulu, nthawi ikupita. Ndinapsa mtima. Mtsempha mwina ukutsekeka m'mutu mwa munthu, ife tili kalikiliki kusunga mwambo. Nkhuku kunalibe, choncho apongozi anauza khoma.

"Iwe khoma, uwauze asambe m'manja kaye."

Ndinasamba, ndinagwada, ndinakweza maso. Ndinkayembekeza nkhope yoopsa yogwirizana ndi mawu aja. Ndinapeza kankhope kakang'ono, nsidze ngati za mkazi wanga. Anali ndi mantha. Ndinachita manyazi, kenako chisoni chinandigwira. Ndinapaka mafuta, ndinapotoza pang'onopang'ono, iwo misozi ili chuchuchu. Chipini chinatuluka ndi kadontho ka magazi. Anaphimba mphuno ndi mpango ngati ndawavula.

Anawagoneka pa kabedi, n'kuwalowetsa m'chimphika choyera cha makina aja, atawauza kuti asagwedezeke. Phokoso lake linkamveka mpaka panja, ngati akukhoma malata. Atatuluka anauza namwino kuti chigayo cha ku Mauwa chili ndi ulemu kuposa makinawo.

Tsiku lotenga zotsatira, dokotala anandiitanira pafupi ndi kompyuta. Ine amene sindinkaloledwa kuona mphumi, tsopano ndikuona m'kati mwa mutu wa apongozi! Mitsempha inkaoneka yoyera, yogawikana ngati mizu ya chinangwa. Anati anajambula njira ziwiri: ina yoonetsa magazi mmene akuyendera, ina yoonetsa khoma la mtsempha. Analoza kumanzere, pamene mzere woyera unaonda ngati ulusi. Khoma lake linakhuthala, magazi akudutsa mopanikizika. Anati mbali imeneyo ndi imene imalamulira dzanja lamanja. Anatipatsa mankhwala a tsiku lililonse, anawaletsa mchere wambiri, kenako anandiyang'ana ine.

"M'mawa uliwonse muziwayang'ana kumaso, amwetulire. Pakamwa pakapotokera mbali imodzi, muthamangire nawo kuchipatala, musadikire kuti mukambirane ndi abale."

Ndinafuna kuseka. Sukulu yonseyo, koma za chikamwini sanaphunzire. Mkazi wanga ndiye akanayenera kuchita zimenezo, koma anakana, akuti amayi ake akamumwetulira iye amaona zimene mtima wake ukufuna.

Choncho m'mawa uliwonse apongozi ankabwera pakhomo pathu, n'kuima nji patsogolo panga, n'kuonetsa mano onse mwaukali ngati ndawaponda. "Mwaona?" Ndikati ndaona, ankatembenuka. Anthu apamudzi anayamba kunena kuti Mkatolika uja wawadyetsa mankhwala. Alamu a ku Joni anaimba foni kudandaula kuti mwambo ukutha.

Chimanga chinakhwima, tinakolola. M'mawa wina wa chisanu anabwera mochedwa, akukoka phazi. Anaima, anaonetsa mano. Kumanzere mlomo unakwera, kumanja unatsala pansi.

"Amayi," ndinatero.

"Ndadziwa," anayankha movutikira. "Tulutsani njinga."

Ndinawanyamula ndi manja anga, ndinawakhazika pakaliyala, mudzi wonse ukuona. Ndinapalasa molunjika kuchipatala cha ku Nguludi ndikulira poyera, iwo atandigwira malaya ndi dzanja limodzi limene linali kumvabe.