Mapiritsi a Mayi Dulapakati

Dzina loti Dulapakati mayiwa sanachite kupempha. Linawamatirira ali kamtsikana, pokhala mwana woyamba m'nyumba ya ana ambiri ndi zinthu zochepa. Chilichonse cholowa m'nyumbamo chinkayamba chadutsa pampeni wawo: nthochi, sopo, pensulo. Ngakhale bulangete analidulapo tsiku lina azing'ono awo atalikanganirana, mayi awo n'kuwakwapula ndi theka lomwelo. Atakula analembedwa ntchito ku bekare, pamakina odulira buledi, anthu n'kumati Mulungu nayenso amadziwa nthabwala. Mpaka lero ukawapempha switi amaluma pakati, n'kukupatsa mbali yamalovuyo mtima uli mbee.

Anakwatiwa ndi wowotcherera zitsulo, mnyamata amene panthawiyo anali woonda ngati waya. Koma ku bekare kumatsala zinthu. Buledi wopindika, makeke othyoka, zotsekemera zopserera m'mbali, zonsezo zinkabwera kunyumba m'jumbo, ndipo mayi ankazidula pakati mwachilungamo. Zaka zitapita, anzawo a bambowo kushedi yowotcherera anasiya kuwatchula dzina lawo, n'kuyamba kuwaitana kuti a Mgolo. Mayi nawonso sanatsalire m'mbuyo. Bedi lawo, lomwe bambo anawotcherera okha atangokwatirana, anachita kuliwonjezera miyendo ina pakati.

A Mgolo sankadandaula nazo. Ankati thupi ndi umboni woti munthu ali pabanja labwino, akatero n'kudzimenya pamimba phwa phwa. Koma tsiku lina akuwerama kuti atole hamala anaona mdima masana, anzawo n'kuwathamangitsira kuchipatala. Dokotala sanawanyengerere. Anati magazi akuthamanga kwambiri, chiwindi chakutidwa ndi mafuta, ndipo akapitiriza chonchi ayambe kutsanzika. Bambo anaseka, n'kufunsa ngati pafupi pali pogulitsa chakudya. Mayi sanaseke ayi. Anachita mantha enieni, chifukwa moyo wawo wonse anali asanadyepo kanthu okha, ndipo sankadziwa kuti wamasiye amapatsa ndani theka linalo.

Akutuluka, nesi wina anawatsina khutu kuti pachipatala pomwepo pali kafukufuku. Akatswiri anali atapeza mankhwala m'masamba a kachitsamba kena, n'kuwayesa pa mbewa zonenepa, mbewazo n'kuonda. Tsopano ankafuna anthu. A Mgolo anafunsa ngati iwo akuoneka ngati mbewa, koma mayi anali atawagwira kale dzanja.

Woyendetsa kafukufukuyo anali dokotala wachitsikana, wamagalasi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Anafotokoza kuti aliyense wolowa azijambulidwa chiwindi m'makina aakulu okhala ngati chimpope, omwe m'kati mwake muli maginito amphamvu zedi. Ndiye anafunsa ngati pali amene ali ndi chitsulo m'thupi. Apa a Mgolo anadzuka nazo monyadira. Anatsegula diso lamanzere ndi zala, n'kumuonetsa kadontho kakuda, kachitsulo kamene kanawathethekera akupala chitseko ali mnyamata. Anati kakhala m'menemo mwamtendere kuposa alendi ambiri. Dokotala anavala nkhope yachisoni, n'kuwauza kuti maginitowo akhoza kukakoka kachitsuloko n'kung'amba diso, choncho iwo sangalowe. Kenako anatembenukira kwa mayi, amene anangobwera kudzaperekeza, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapempha mwaulemu kuti akwere pasikelo.

Umu ndi mmene wodwala anabwerera kunyumba chimanjamanja, woperekeza atanyamula botolo la mapiritsi.

Kunena zoona, dokotala uja anawauza zonse. Anati ena alandira mankhwala enieni, ena alandira piritsi longofanana nawo koma lopanda kanthu, ndipo ngakhale iye mwini sadziwa mpaka kumapeto. Mayi anamva, koma anaganiza kuti palibe chipatala chingaone munthu wa msinkhu wawo n'kumupatsa piritsi lopanda kanthu. Anawauzanso kawiri konse kuti asapatseko wina aliyense. Mayi ankagwedeza mutu, maso ali papiritsi. Linali loyera, lozungulira, ndipo pakati pake panali kamzere. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo, chifukwa munthu sangaike kamzere pachinthu chimene sakufuna kuti chidulidwe.

M'mawa mwake analiika pathabwa lodulirapo anyezi, n'kuligawa bwinobwino, theka iwo, theka bambo. Koma mtima sunakhazikike. Theka la piritsi pathupi ngati la a Mgolo linali ngati supuni ya shuga mumtsuko, ndiye anaona kuti mankhwalawo akufunika kuwathandizira. Bambo atafunsa kamwedwe kake, mayi anayamba kupeka malamulo pomwepo, nkhope ili gwa. Anati piritsili silionana ndi mowa, zikakumana m'mimba chiwindi chimaphulika. Anati limafuna malo oti ligwiremo ntchito, choncho mbale izitsala theka. Anatinso likamwedwa limafuna kukhutchumula kuti litsike, ndiye zokwera basi aiwale, kushedi azipita wapansi n'kubwerako wapansi.

Tsono a Mgolo anali munthu woti abusa akalalikira amagona, dokotala akalangiza amaseka, koma malamulo a mankhwala ankawaopa kuposa moto. Anamvera zonse. M'mawa uliwonse ankatuluka akuwefuka, akutukwana chamumtima mbewa zija, ovolosi ili chonyowa asanafike n'pamphambano pomwe. Anzawo akawaitanira botolo ankagwira kumimba, n'kukana ngati awaitanira poizoni.

Nanga theka la mbale lotsala lija? Mayi Dulapakati anakulira m'nyumba momwe kutaya chakudya kunali tchimo loposa kuba. Ankaliyang'ana, n'kulimvera chisoni, n'kulidya ataimirira pasinki. Za kuyenda wapansi, iwo anali ndi mawondo, komanso malamulowo ankadziwa kumene anachokera, ndiye ankakwera basi yawo mwaufulu.

Patapita kanthawi, masana ena kunabwera uthenga ku bekare woti bambo agwanso kushedi. Mayi anathamanga ndi epuloni yomwe, ufa uli mbuu m'manja. Anawapeza atakhala pachitini cha penti, atawathira madzi kumutu, akukangana ndi anzawo kuti sanagwe koma anangokhala pansi mofulumira. Kuchipatala anati zichitika, apitirize kuyesetsa. Koma mayi anali ataona mmene milomo ya amuna awo inatuwira, ndipo chithunzi chimenecho chinakana kuwachoka m'maso.

Kutacha anaika piritsi pathabwa monga mwa masiku onse, n'kuika mpeni pakamzere. Dzanja linakana. Anaima choncho, kenako anabweza mpeni m'dirowa, n'kupereka piritsi lonse lathunthu kwa bambo. A Mgolo analiyang'ana, n'kuyang'ana akazi awo, pakuti chikwatirane anali asanalandirepo chinthu chathunthu kuchokera m'manja amenewo.

"Mayi, mwadwala kodi?"

"Imwani, tiyi akuzizira," anatero mayi, n'kutembenukira kuzenera kuti asawaone m'maso.

Kuyambira tsiku limenelo botolo lonse linali la bambo, ndipo mayi anayamba kukhala moyo wa mbava. Tsiku lopita kukafukufuku likafika, mtima unkakhala m'malere. Akamawatenga magazi ankadziwa kuti basi lero zaululika, anthu oyeza aja apeza kuti mulibe ngakhale fungo la mankhwala. Akawagoneka m'chimpope muja, atavula ndolo ndi mphete, makina akugogoda ngati shedi ya amuna awo, ankapemphera kuti chinthucho chizingoona chiwindi, chisamaone zina. Mawu akati gwirani mpweya, iwo anali ataugwira kale. Koma ayi ndithu, palibe anawagwira. Nesi ankasuzumira m'botolo, n'kupeza kuti palibe tsiku analumpha, mpaka ankawaloza kwa anzawo kuti atengere chitsanzo pa amayi awa.

Kunyumba zinthu zinkaoneka. A Mgolo anaboola lamba ndi msomali, kenako anaboolanso. Ovolosi inayamba kulendewera. Tsiku lina anaitana mayi kubafa mokuwa, mayi n'kuthamanga poganiza kuti agwa, koma ankangofuna kuwaonetsa kuti akuona zala zawo zakumapazi ataimirira. Magazi anatsika, dokotala wawo mpaka anawagwira chanza. Anayambanso matama, kumapesa tsitsi popita kushedi, kumapatsa moni azimayi ogulitsa zipatso motalikitsa. Mayi ankaziona zimenezo, n'kumati chamumtima mankhwalawa akanakhala ochepako mphamvu pang'ono. Komabe ankagona tulo, chifukwa munthu wa pambali pawo anali atasiya kupuma ngati akukokedwa pakhosi.

Kafukufuku atatha, dokotala wamagalasi uja anaitana aliyense payekha. A Mgolo anatsala pabenchi panja. M'chipindamo dokotala anaonetsa mayi zithunzi ziwiri pakompyuta, chiwindi cha poyamba ndi cha tsopano. Chachiwiricho chinali chotuwa ndi mafuta, moti ngakhale munthu wodula buledi ankatha kuona kuti sizili bwino. Ndiye anawauza kuti asadziimbe mlandu, pakuti zadziwika tsopano kuti iwo anali m'gulu lolandira piritsi lopanda mankhwala. Mayi anafunsa kuti nanga munali chiyani. Dokotala anati sitalichi, kunena kwake ufa basi, wothinikizidwa bwino.

Mutu wa mayi unaima. Ufa! Iwo amene ankabwera kunyumba tsiku lililonse ufa uli m'makutu, anakhala akunjenjemera miyezi yonseyi chifukwa chakuba ufa. Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo m'kulira momwemo nkhani yonse inatuluka, ya thabwa la anyezi, ya malamulo, ya mbale yotsala. Dokotala anavula magalasi. Kufatsa kuja kunatha, anawakalipira ngati mwana, kuti akanakhala mankhwala enieni akanatha kupha munthu wodwala ngati amuna awo, ndiponso kuti zonse anawayeza zija zangopita m'madzi. Mayi anavomera, pakuti zinali zoona. Atapuma, dokotala analoza chithunzi chachiwiri chija, n'kunena motsitsa mawu kuti pamene panali amuna awo paja, tsopano pali iwo.

Panjira mayi anawauza bambo theka la nkhaniyo, monga mwa khalidwe lawo. Za chiwindi chawo ananena, za ufa anasunga. Atafika kunyumba bambo anagwedeza botolo, n'kumva kuti mwatsala tiwiri titatu, nkhope n'kugwa. Mayi anadziwa kuti botolo likangouma, munthuyu abwerera kumowa ndi kumbale yodzaza, pakuti chimene bamboyo ankaopa si imfa koma piritsi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa lake ku bekare, anzawo ali pa tiyi, mayi anakanda kaufa kouma, n'kuthiramo soda pang'ono kuti kaziwawa ngati mankhwala. Anadinda timapiritsi ndi chivindikiro cha bolopeni, n'kulemba kamzere pakati ndi nsonga ya mpeni, n'kutiumitsa pamwamba pa uvuni. Tinatuluka tachikasu pang'ono, koma anakonzeratu yankho loti achipatala asintha kampani.

M'mawa anaika piritsi limodzi m'dzanja la bambo. A Mgolo sanafulumire kumeza. Anapita nalo pazenera, n'kulitembenuza, n'kulinunkhiza. Munthu wogona ndi wa ku bekare zaka zonsezo fungo la uvuni sangalisowe, ndipo kamzere kowongoka chonchija ankadziwa dzanja lake. Anapukuta zala paovolosi. Kenako anatsegula dirowa, n'kutenga mpeni wa mayi, n'kuika piritsi pathabwa la anyezi. Analidula mokhota, ntchito yochititsa manyazi, n'kukankhira chidutswa chachikulucho kwa akazi awo.

"Imwani. Koma mudziwe, mayi, mankhwala awa ali ndi malamulo. Mbale izitsala theka, ndipo theka linalo tizipatsa galu wa aneba, osati sinki. Zokwera basi muiwale."

"Bambo, mawondo anga..."

"Amafuna kukhutchumula. Mwaiwala kodi? Munandiuza ndinu."

Mayi anayang'ana kachidutswa kaja. Ankadziwa thumba limene ufawo unachokera, ankadziwanso kuti bambo akudziwa. Misozi inali lengelenge m'maso, chifukwa chibadwire anali asanagawiridwepo ndi munthu, ogawa anali iwo nthawi zonse. Anameza ndi tiyi wozizira, soda n'kuwawa mpaka m'mphuno.

Anatuluka limodzi. Basi inaima pamalo pake, kondakitala n'kuwakodola monga mwa masiku onse, koma a Mgolo anamubweza ndi dzanja. Mayi anatsatira pambuyo akuwefuka, akutukwana mbewa, kachitsamba ndi chimpope chomwe. Bambo ankati akayenda pang'ono n'kuima, kumanamizira kumanga chingwe cha nsapato kuti awadikire.