Chitenge cha Pakhoma

Fakitale ya nsalu itatsekedwa, amayi anga anasiya kudutsa msewu wa kumsika. Zaka zonse zimene anaimirira pamakina oluka zinathera m'kalata imodzi yowachotsa ntchito, ndipo sankafuna kuti anthu a kwathu ku Nangongwe aziwamvera chisoni. Ine ndinayamba kugulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja zomwe iwo ankati ndizo zinapha ntchito yawo. Ndiwo zochokera m'salaulamo ankadya ndithu, koma nkhope ili kumbali.

Chaka chimenecho kunabwera wojambula wina wa ku Lusaka kudzakongoletsa khoma la msika, kuseri kwa tebulo langa. Anajambula sitima, chumuni cha fakitale ya feteleza, bwato la asodzi a ku Chanyanya, ndi mayi woluka nsalu pakati pa zonsezo. Anandipempha chitenge choti aonerepo maluwa. Ndinangosolola chowala kwambiri pamulu, osaganiza n'komwe.

Ndinawakakamiza amayi kuti akaone, ndikudzitama kuti nanenso ndaikapo dzanja. Anabwera Loweruka, atatchena ngati akupita kutchalitchi. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenaka anakodola wojambulayo kuti atsike pamakwerero.

"Imwe ba painter, uyu muzimai asebenza kuti?"

"Ku factory ya nsalu, amai."

"Manje mwamuvalika bwanji chitenge cha kunja? Ise sitinapangepo maluwa aya. Ichi chimachucha pa washing yoyamba."

Ndinalakalaka nditalowa pansi pa tebulo. Azimayi a tomato anaseka mpaka kugwira nthiti. Ambiri a iwo anagwirapo ntchito kufakitale komweko, ndipo cholakwacho anali atachiona kale, ankangodikira woyamba kulankhula.

Wojambulayo anayesa kunena kuti chitenge ndi chitenge basi. Pamenepo ndiye anaputa mavu. Amayi anathamangira kunyumba, nabwerera ndi chitenge chabuluu cha timadontho toyera, chomaliza chimene anatuluka nacho pageti la fakitale. Kumusiyira anakana. Anachivala, naimirira pambali pa khoma masiku atatu wojambulayo akukonza chithunzicho, iwo akulamula ngati kapitawo: dontho ili lakula, apa utoto wachepa. Anzawo akale ankabwera kudzatsutsana nawo, nkhani za mashifiti zili m'kamwa, ndipo ndinawamva amayi akuseka mokweza koyamba chichokereni kuntchito. Ndinasangalala zedi, ngakhale makasitomala anga ankasowa poima.

Tsiku lomaliza mayi wina wotsika minibasi anayang'ana khoma, nayang'ana amayi, n'kufunsa ngati wojambulidwayo anali iwo.

"Iyayi," anayankha amayi, akumangitsa chitenge m'chiuno. "Nkhope iyo ni ya aliyense. Koma nsalu wavala, ndine ninaluka."